Magetsi Atsogole, Makina Atsatire

Mawu a nkhani yokambidwa kwa atsogoleri a m'maboma, m'madera ndi m'nthambi pamodzi ndi ogwira ntchito m'Boma



Nkhani ya lero ndi ya makina akuluakulu amene sayenda pamsewu wa tala: malole onyamula miyala m'migodi, akatapila okankha dothi, makina okumba ndi oboola thanthwe. Kwa zaka zambiri, ambiri mwa makina amenewa akhala akumwa dizilo, ndipo kamwedwe kake si kamasewera. Koma m'zaka zino mayiko angapo ayamba kuwasintha kuti aziyendera magetsi. Mbiri yake yafika kale m'dziko lino, ndipo ena ayamba kufunsa kuti makina oterewa adzafika liti m'migodi ya m'Malawi. Funso limeneli n'labwino, koma lili ndi mkulu wake amene ayenera kuyankhidwa poyamba. Mkulu wakeyo ndi uyu: magetsiwo adzachokera kuti? Pakuti mwala wa mtengo wapatali susankha malo oyandikana ndi tauni. Umapezeka kuthengo ndi kumapiri, kumene nthambo za magetsi sizidafike, kapena zidafika zofooka.

Akale adati konza kapansi kuti kam'mwamba katsike. Munthu amene adagulapo chigayo cha magetsi thiransifoma isanafike pamudzi amadziwa bwino tanthauzo la mwambi umenewu. Chigayo chimangokhala m'nyumba chikuchita dzimbiri, ngongole ikukula kubanki, amayi akusenzabe matumba awo kupita kuchigayo cha dizilo cha kutsidya. Zimene zimachitika ndi chigayo zingathe kuchitikanso ndi mgodi wathunthu, kungoti kumgodi ndalama zotayika zimakhala zochuluka koposa ndipo wotaya ndi mtundu wonse.

Kuti nkhaniyi imveke bwino, n'koyenera kuyang'ana kumene ntchito yotereyi yapita patsogolo ngakhale malowo ali kutali ndi nthambo za magetsi. Malo amenewo ndi Pilbara, m'dziko la Australia. Chifukwa choyang'anira kutali chotere chilipo. Pofika chaka cha 2025, makampani amene anali ndi zilolezo za migodi ku Kayelekera m'boma la Karonga, ku Kanyika m'boma la Mzimba, ku Kasiya m'boma la Lilongwe ndi ku Kangankunde m'boma la Balaka, onse anali ndi malikulu awo mumzinda wa Perth, umene ndi likulu la Western Australia, dera lomwelo mmene muli Pilbara. Tsono zimene eni migodi a ku Perth akuona kwawo ndi zomwe adzafika nazo pagome la zokambirana ku Lilongwe, ndipo n'kwanzeru kuti okhala mbali inayo ya gomelo azidziwiretu.

Pilbara ili kumpoto chakumadzulo kwa Australia. Kukula kwake kumaposa dziko la Malawi kanayi, koma anthu okhalamo ndi pafupifupi 60,000 basi, ochepa kuposa a mumzinda wa Zomba. Ndi malo ouma, a dothi lofiira, otentha koopsa: m'tauni ya Onslow, mu Januwale 2022, kutentha kudafika madigiri 50.7. Kuchokera ku Perth kukafika kudoko la Port Hedland ndi ulendo wa makilomita oposa 1,600, ndipo nthambo zimene zimawalitsa Perth, Sydney ndi Melbourne sizifika kumeneko. Koma pansi pa dothi lofiiralo pali miyala ya chitsulo yochuluka zedi. Kampani ina ya kumeneko, Fortescue, imene idakhazikitsidwa mu 2003 ndi Andrew Forrest, idatumiza kunja miyala yake yoyamba mu 2008, ndipo pofika 2023 inali kutumiza matani oposa 190 miliyoni pachaka. Ntchito yonseyo inali kudya malita a dizilo mamiliyoni mazanamazana chaka chilichonse. Mu 2022 kampaniyo idalengeza kuti idzagwiritsa ntchito madola a ku America 6.2 biliyoni kuti pofika 2030 ileke kuwotcha dizilo ndi gasi m'migodi yake ya chitsulo.

Chimene anthu ambiri sadziwa n'chakuti malole ambiri akuluakulu a kumgodi ndi a magetsi kale mbali imodzi. Injini ya dizilo siyendetsa mawilo mwachindunji monga zimakhalira m'basi. Imazunguza jenereta, jeneretayo n'kutumiza magetsi kumamota amene ali m'mawilo akumbuyo. Tsono kusintha lole yotere kukutanthauza kuchotsa injini ndi thanki, n'kupeza njira ina yofikitsira magetsi kumamotawo. Phindu lake n'loonekeratu. Lita imodzi ya dizilo ili ndi mphamvu yolingana ndi mayunitsi a magetsi pafupifupi 10, mayunitsi omwewa amene anthu amagula pamita ya kunyumba. Koma injini imasandutsa mayunitsi pafupifupi 4 okha kukhala ntchito. Otsalawo amatayika monga kutentha ndi utsi. Mota ya magetsi imagwiritsa ntchito mayunitsi 9 mwa 10 alionse. Ilibenso mafuta a injini osintha kawirikawiri, ilibe zosefera zambiri, ndipo situlutsa utsi. Utsiwo si nkhani yaing'ono kwa amene amagwira ntchito pafupi ndi makinawa, makamaka m'migodi ya pansi, pakuti mu 2012 akatswiri a bungwe la zaumoyo padziko lonse adagamula kuti utsi wa dizilo umayambitsa khansa ya m'mapapo.

Njira zofikitsira magetsi kumakina zilipo zitatu, ndipo iliyonse ili ndi malo ake.

Njira yoyamba ndi chingwe. Makina okumba ndi oboola thanthwe sayenda ulendo wautali. Amakhala pamalo amodzi masiku angapo, n'kusendera pang'ono. Makina otere amatha kukoka chingwe chochindikala cha magetsi monga mmene mbuzi yomangidwa imakokera chingwe chake podya msipu. Kumapeto kwa 2023 makina okumba a magetsi opangidwa ndi kampani ya Liebherr adayamba ntchito pamgodi wa Fortescue wa Cloudbreak, akulandira moto kudzera m'chingwe chotalika makilomita oposa awiri. Njira imeneyi ndi yakale, yodalirika ndiponso yosafuna batire.

Njira yachiwiri ndi nthambo za m'mwamba, zonga za sitima ya pamtunda yoyendera magetsi. Lole ya kumgodi imamwa mafuta kwambiri pamene ikukwera chitunda kuchokera pansi pa dzenje itasenza katundu. Pachitunda pamenepo pamamangidwa nthambo, lole n'kutukula mkono wachitsulo kukhudza nthambozo, n'kukwera ndi magetsi mwaliwiro kuposa mmene ikadakwerera ndi dizilo. Njira imeneyinso si yachilendo kuno ku Africa. Idagwira ntchito ku Palabora m'dziko la South Africa ndi ku Nchanga m'dziko la Zambia m'zaka za m'ma 1980.

Njira yachitatu, imene yatchuka kwambiri, ndi batire. Apa ndi pamene pali mfundo yovuta kumasula. Mu 2022 Fortescue idagula kampani ya ku Britain yopanga mabatire, Williams Advanced Engineering, ndipo mu 2023 idayesa lole ya batire yonyamula matani 240 pamgodi wa Christmas Creek. Batire la lole imeneyo linali lolemera matani 15 ndipo linkasunga mayunitsi 1,400. Chiwerengerocho chimamveka chachikulu, koma dizilo wogwira ntchito yofanana ndi mayunitsi amenewo sadzaza migolo iwiri ya malita 200, ndipo kulemera kwake sikufika theka la tani. Kotero lole ya dizilo imatha kumwa kamodzi n'kugwira ntchito usana ndi usiku, pamene ya batire iyenera kubwerera kangapo kukadzaza moto. Lole yoima sinyamula mwala, ndipo mwini mgodi salola kuti iime nthawi yaitali. Chifukwa chake mu 2024 kampaniyo idalengeza kuti ikupanga makina otchajira a mamegawati 6, oti azidzaza batire la lole m'mphindi 30.

Mamegawati 6 amenewa aganiziridwe bwino. Malo opangira magetsi a pa Wovwe, m'boma la Karonga, amapanga mamegawati pafupifupi 4.5. Ndiye kuti lole imodzi yokha ikaima kuti idzaze moto, imafuna magetsi oposa amene Wovwe yonse ingapereke. Malole anayi akaima pamodzi, afuna mamegawati 24, omwe ndi magetsi onse amene Nkula inkapanga pamene idatsegulidwa mu 1966. Ndipo mgodi waukulu ukhala ndi malole makumimakumi. Walira mvula walira matope: wofuna lole ya batire wafunanso malo opangira magetsi, nthambo zonyamula magetsiwo, mathiransifoma ndi amisiri osamalira zonsezi.

Tsono ndondomeko ya zaka imene Fortescue idatsata ndi imene ili phunziro lenileni. Mu 2020 idalengeza ntchito ya madola 700 miliyoni yomanga nthambo zazikulu zotalika makilomita 275 zolumikiza migodi yake, pamodzi ndi malo opangira magetsi a gasi ndi a dzuwa. Mu 2021 munda wa magetsi a dzuwa wa mamegawati 60, womangidwa ndi kampani ya Alinta Energy, udayamba kupereka magetsi kumigodi ya Cloudbreak ndi Christmas Creek. Mu 2023 kudabwera makina okumba okoka chingwe ndi lole yoyesera ija. Mu 2024 munda wina wa dzuwa wa mamegawati 100 udatha kumangidwa pa North Star Junction. Ndipo munali mu Seputembala 2024 pamene kampaniyo idasayina pangano la madola 2.8 biliyoni ndi Liebherr logulira makina 475, pakati pake malole 360, makina okumba 55 ndi akatapila 60. Nthambo zidatsogola, magetsi adatsatira, makina okhala pamalo amodzi adabwera, ndipo malole adadza pomalizira. M'chaka chomwecho makampani ena awiri akuluakulu a ku Pilbara, BHP ndi Rio Tinto, adagwirizana zoyamba ayesa malole ochepa a batire asanagule ambiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pali chinyengo chimodzi chimene wogwira ntchito m'Boma aliyense ayenera kuchizindikira msanga. Lole ya batire yotchajidwa ndi jenereta ya dizilo siinaleke kumwa dizilo, yangosamutsa pakamwa. Dizilo yemweyo akuwotchedwa kuseri kwa mpanda, ndipo mphamvu ina ikutayika m'njira, kuchokera kujenereta kulowa m'batire ndi kuchokera m'batire kupita kumawilo. Mlendo wodzaona mgodi angachite chidwi ndi lole yopanda utsi, koma galimoto zonyamula mafuta zidzakhala zikubwerabe pachipata monga kale. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Vuto lina n'lakuti dzuwa limalowa pamene mgodi sugona. Munda wa dzuwa umapereka magetsi masana okha, ndipo mitambo ikabwera mphamvu imatsika mwadzidzidzi. Eni mgodi wa golide wa Agnew, umene uli kutali ndi nthambo m'dera lomwelo la Western Australia, adathetsa mbali ya vutoli mu 2020 posakaniza njira zingapo: makina asanu opukusa magetsi ndi mphepo a mamegawati 18, munda wa dzuwa wa mamegawati 4, batire lalikulu, ndi majenereta a gasi ndi dizilo otsekera mipata. Mwa njira imeneyo magetsi oposa theka a pamgodipo adayamba kuchokera kumphepo ndi kudzuwa. Mutu umodzi susenza denga, ndipo gwero limodzi la magetsi silisenza mgodi wa kuthengo.

Nawonso mgodi umene nthambo za dziko zidafikapo sungagone tulo. Phunziro limeneli lachokera kwa anansi a ku Zambia. Pamgodi wa mkuwa wa Kansanshi, pafupi ndi Solwezi, pali nthambo za m'mwamba zokwezera malole, ndipo mu 2024 kampani ya ku Japan ya Hitachi idayamba kuyesapo lole ya batire imene imadzaza moto kuchokera kunthambozo ikukwera chitunda, osaima. Nzeru imeneyi ndi yabwino, pakuti imachepetsa kukula kwa batire ndi nthawi yoima. Koma m'chaka chomwecho chilala chidaphwetsa madzi a m'nyanja ya Kariba, magetsi adasowa m'dziko lonselo, m'makomo anali kuzima pafupifupi tsiku lathunthu, ndipo eni migodi adakakamizika kugula magetsi kunja kwa dzikolo. Makina a magetsi ndi amphamvu malinga ndi mphamvu ya gwero lake.

Tsopano nkhani ibwere kumudzi. Dziko la Malawi lilibe zitsime za mafuta. Dontho lililonse la dizilo limalowa kudzera ku Beira, ku Nacala kapena ku Dar es Salaam, ndipo limagulidwa ndi ndalama zakunja zimene alimi a fodya, tiyi ndi nzimbe amazipeza ndi thukuta. Mizere ya galimoto pamalo omwetsera mafuta mu 2022 ndi mu 2024 palibe amene waiwala. Mgodi wa Kayelekera, kuyambira 2009 mpaka pamene udaima mu 2014, udadalira majenereta a dizilo chifukwa nthambo zokwanira sizidafikeko. Udayambiranso ntchito mu 2025. Mgodi umene ukutulutsa chuma ndi dzanja lamanja, n'kumabweza ndalama zakunja kwa ogulitsa mafuta ndi dzanja lamanzere, phindu lake kwa mtundu limachepa. Chifukwa chake palibe dziko limene lingapindule ndi makina a magetsi kuposa dziko longa lino.

Komanso n'zoona kuti magetsi a dziko lino ndi ochepa. Malo onse opangira magetsi a pamtsinje wa Shire, Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ataphatikizidwa safika mamegawati 400, ndipo onse amamwa mtsinje umodzi. Pamene namondwe wotchedwa Ana adawononga Kapichira mu Januwale 2022, mamegawati pafupifupi 130 adazima usiku umodzi ndipo sadabwerere mpaka 2023. Munda wa dzuwa wa ku Salima, umene udatsegulidwa mu 2021, ndi wa mamegawati 60, ofanana ndi munda umene ku Pilbara udamangidwa chaka chomwecho kuti utumikire makamaka migodi iwiri. Batire lalikulu la pamunda wa dzuwa wa ku Golomoti, la mu 2022, limasunga mayunitsi 10,000, okwanira kudzaza kamodzi malole asanu ndi awiri a mtundu woyesera uja. Ndipo kalembera wa mu 2018 adapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha mwa 100 zilizonse zinkaunikira magetsi a nthambo. Ngati mgodi ungadzalumikizidwe popanda kuwonjezera magetsi atsopano, moto wa lole udzachokera m'chipatala, m'sukulu ndi m'chigayo cha munthu wamba. Apa ndi pamene pagona udindo wa atsogoleri.

Udindo woyamba ndi wa amene amakhala pagome la mapangano a migodi. Safunsa adadya phula. Kampani iliyonse yopempha chilolezo ifunsidwe poyera kuti idzafuna mamegawati angati, adzachokera kuti, ndipo ndi angati amene idzawonjezere yokha kuchokera kudzuwa, kumphepo kapena kumadzi. Ifunsidwe kuti nthambo zopita kumgodi adzamanga ndani, ndipo mgodi ukadzatha zidzakhala za yani, pakuti mwala umatha koma nthambo zimatsala. Ifunsidwenso kuti mabatire akadzakalamba adzapita kuti, kuti asadzatayidwe m'khwawa limene anthu amatungamo madzi.

Udindo wachiwiri ndi wa akuluakulu a m'maboma. Malamulo a migodi a dziko lino amafuna kuti mwini mgodi waukulu apangane ndi anthu ozungulira za chitukuko cha dera lawo. M'pangano lotero musamalembedwe mijigo ndi midadada ya sukulu yokha. Mulembedwenso mathiransifoma a pachipatala, pamsika ndi pamalo a ulimi wothirira amene nthambo zikudutsapo. N'chinthu chowawa kuti mudzi uziona nthambo zikudutsa pamwamba pa madenga ake, ana akuwerengera koloboyi pansi pake.

Udindo wachitatu ndi wa ndondomeko. Dziko liyambe ndi makina amene sasuntha kapena amasuntha pang'ono: zigayo zophwanyira miyala, malamba onyamulira miyala, mapampu a madzi, makina okumba okoka chingwe. Amenewa amadya mafuta ambiri ndipo kuwalumikiza n'kosavuta. Nthambo za m'mwamba pachitunda zitsatire kumene dzenje ndi lakuya. Malole a batire adze pamene magetsi akwana ndiponso mayiko amene akuwayesa atatsimikiza kulimba kwake m'fumbi ndi m'kutentha. Koma makina okonza misewu ya kumidzi ndi mathirakitala a m'minda yakutali, amene lero ali pano mawa ali kwina, adzamwabe dizilo kwa kanthawi, ndipo palibe manyazi kunena zimenezi poyera. Mtsogoleri asalonjeze anthu chinthu chimene nthambo sizingasenze.

Udindo wachinayi ndi wa maphunziro. Makanika wodziwa injini ya dizilo ndi chuma, koma lole ya batire ifuna mmisiri wodziwa magetsi amphamvu amene angaphe munthu m'kamphindi. Masukulu a ntchito zamanja pamodzi ndi masukulu a ukachenjede a MUBAS ku Blantyre ndi MUST ku Thyolo ayambiretu kukonzekeretsa anyamata ndi atsikana, kuti makina akadzafika asadzabwere ndi amisiri awo onse, Amalawi n'kungotsala olondera pachipata.

Udindo wachisanu ndi wa atsogoleri a m'madera ndi m'nthambi, amene amakhala ndi anthu tsiku ndi tsiku. Wakuba mafuta a m'thiransifoma kapena waya wa mkuwa sabera kampani yokha. Amabera mayi wochira m'chipatala ndi mlimi wodikira pampu. Anthu auzidwe zimenezi m'misonkhano, ndipo ateteze nthambo monga amatetezera nkhokwe zawo.

Pomaliza, pali chinthu chimodzi choyenera kukumbukira. Miyala ina imene imafunika popanga makina amenewa ili pansi pa nthaka ya dziko lino. Ku Kasiya kuli mwala wa graphite umene umalowa m'mabatire, ndipo ku Kangankunde kuli miyala yosowa imene amapangira maginito a m'mamota a magetsi. Zingakhale zomvetsa chisoni kuti miyala imeneyi ikumbidwe ndi dizilo wogula ndi ngongole, ikayendetse makina a magetsi kumayiko ena, midzi imene idachokerako ili mumdima. Zimenezi zingapeweke ngati aliyense, kuyambira wa kunthambi mpaka wa kulikulu, agwira ndondomeko imene anthu a ku Pilbara adaitsata: nthambo ndi magetsi poyamba, makina pambuyo. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha, koma sadadumphe asanaone potera.